Gundani msanga, bondo silichenjeza

Sabata iliyonse m'kalasi yanga ya Brazilian jiu-jitsu, masewera ogwirana ndi kugwetsana, pamapezeka wina wondifunsa kuti, "Aphunzitsi, tandionetsani kapulumukidwe ka armbar." Armbar ndi loko, kagwiridwe kowongola mkono mpaka chigongono chifune kuthyoka. Ndikati tagonani tione, amandipatsa mkono wowongoka kale, chala chachikulu chitaloza kumwamba, chigongono chili pachiuno panga. Apotu madzi afika kale m'khosi. Chatsala n'kumugunda mnzanuyo kawiri katatu kuti akusiyeni, chija timati tap.

Kupulumuka kumayamba mnzanuyo asanatseke loko. Pa armbar, nthawi yake ndi pamene mwendo wake ukufuna kudutsa pankhope panu. Gwirizitsani manja, kokerani chigongono kunthiti mpaka chituluke pakati pa ntchafu zake. Chikatuluka, alibenso pothyolera. Pa choke (kukanyanga pakhosi) yakumbuyo, imene ku Brazil amati mata leão, limbanani ndi dzanja lake lisanalowe kunsi kwa chibwano, manja anu awiri pa lake limodzi. Ikatsekeka bwino imafinya mitsempha iwiri ya m'mbali mwa khosi yopititsa magazi ku ubongo, ndipo munthu amakomoka m'masekondi pafupifupi 10. Ndiye zoti "ndikupumabe, ndilimba" musandiuze.

Amakani amakonda kunditchulira Hélio Gracie, katswiri wa jiu-jitsu wa ku Brazil, amene anakana kugonja kwa Masahiko Kimura, katswiri wa judo wa ku Japan, mu 1951 ku Rio de Janeiro. Amaiwala kuti mkono wa Hélio unathyoka, ndipo mkulu wake Carlos ndiye anaponya thaulo. Loko imene anamugwira nayo ija mpaka lero timaitcha kimura.

Koma yondisowetsa tulo ndi heel hook. Chogwidwa n'chidendene, chowonongeka ndi bondo. Chigongono chimayamba chapweteka n'kukupatsani kampata, pamene bondo likapotokoledwa ululu umabwera minyewa itaduka kale. Bungwe loyendetsa mipikisano ya jiu-jitsu la IBJJF linailola mu 2021, komatu kwa akuluakulu a malamba apamwamba okha, wabulauni ndi wakuda, pa mipikisano yosavala gi, chovala chochindikala cha masewerawa.

Ndinali ndi mnyamata wa lamba wabuluu, wakhama kwambiri. Anaonera pa intaneti kuti heel hook amaithawa pogubuduka. Tsiku lina anagwidwa, n'kugubudukira mbali yolakwika, chidendene chili m'manja mwa mnzake. Ndinamva "phwa!" ndili chapatali. Iye anadzuka akuseka, n'kuyenda yekha mpaka pakhomo. Ndinamuuza kuti apite kuchipatala, koma sindinamuumirize, ndipo chimenechi chimandiwawabe.

Bondo litatupa anapita kwa munthu wina wosisita, amene anati fupa langoguluka, n'kulikoka mwamphamvu. Anamanga bandeji, kumwa mapiritsi opha ululu, patangotha masabata atatu n'kubwereranso kudzagwirana ndi anzake. Miyezi ingapo pambuyo pake bondo linamupinda akutsika masitepe. Atamujambula anapeza kuti mnyewa wa pakati pa bondo, umene madokotala amati ACL, unaduka, ndipo chicherewecherewe cha m'bondomo chang'ambikanso. Wosisita uja akanaziona bwanji zimenezi ndi zala? Kuyenda bwinobwino si umboni woti muli bwino. Bondo likalira, n'kutupa m'maola ochepa, kapena likamagwedezeka mukaponda, pitani kwa dokotala, ndipo wina aliyense asalikoke.

Za khosi ndiye musachedwe n'komwe. Mnzanu akakomoka, masulani choke pomwepo. Osamugwedeza, osamukhazika tsonga, osamumwetsa madzi. Onani ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali. Akapanda kutsitsimuka m'masekondi ochepa itanani ambulansi, ndipo ngati sakupuma yambani CPR, kumupsinja pachifuwa mobwerezabwereza kuti magazi aziyenda. Pali china chimene ambiri amachiderera: choke ikhoza kung'amba mtsempha wa m'khosi mkati, munthu osakomoka n'komwe, n'kuyambitsa sitiroko. Mutu ukamawawa modabwitsa, khosi likamapweteka mbali imodzi, pakamwa pakapotoka, mawu akamatuluka mosokonekera kapena mkono ukafooka, ngakhale litakhala tsiku lotsatira, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mukawauze kuti munakanyangidwa pakhosi pochita masewera.