Mafunso ndi mayankho pa mneni wa Chingerezi “comport”

Mneni ameneyu samveka m'macheza a tsiku ndi tsiku. Amapezeka m'zigamulo za makhoti, m'malipoti a boma, m'nkhani za olemba nyuzipepala ndi m'makalata ochitira umboni munthu wofuna ntchito. Ali ndi matanthauzo awiri osiyana kwambiri, ndipo chimene chimakuuzani tanthauzo lake ndi mawu amene abwera kutsogolo kwake.

Kodi matanthauzo awiriwo ndi ati?

Loyamba likukhudza khalidwe: mmene munthu akuchitira zinthu pamaso pa anthu, makamaka pa nthawi yovuta kapena pamalo aulemu. Apa mneniyu amatsatidwa ndi mlowam'malo wobwerera kwa mwininkhani, monga “himself” kapena “themselves”. Lachiwiri likukhudza kugwirizana kwa zinthu ziwiri, ndipo apa amatsatidwa ndi mperekezi “with”. Mukaona “comport” wopanda chimodzi mwa ziwirizi, kayikirani chiganizocho.

Ndingapange bwanji chiganizo cha tanthauzo loyamba?

Pamafunika zigawo zinayi, ndipo zonse zikhalepo: munthu, mneni, mlowam'malo, ndi mawu ofotokoza kachitidwe. Chitsanzo: “The widow comported herself with dignity at the funeral.” Ndiye kuti namfedwa anachita zinthu mwaulemu ndi modekha pamaliro.

Mlowam'malo ayenera kugwirizana ndi mwininkhani. Alipo 8: myself, yourself, himself, herself, itself, ourselves, yourselves ndi themselves, ndipo kuwonjezera pa amenewa pali “oneself” amene mumamupeza mu dikishonale. Kwa ife zimenezi si zachilendo, chifukwa ntchito yake ndi yomweyo imene -dzi- amagwira m'mawu akuti kudziletsa kapena kudzichepetsa. Vuto lathu lili pena: m'Chichewa sitisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, choncho dzanja limathamangira kulemba “himself” ngakhale pamene tikunena za mayi. Werengani kawiri.

Chigawo chachinayi ndi chimene anthu amaiwala. “Behave yourself” amaima payekha, ndipo mwana akamva amadziwa kuti asiye phokoso. Koma “comport yourself” akakhala yekha amamveka ngati chiganizo chodulidwa pakati, chifukwa mneniyu sanena ngati khalidwelo ndi labwino kapena loipa. Muyenera kuwonjezera: well, badly, with restraint, like a professional, as a judge should. Munthu akhoza ndithu “comport himself disgracefully”, kutanthauza kuti anachita zochititsa manyazi.

Nanga “comport with” amagwira ntchito bwanji?

Apa mbali zonse ziwiri zimakhala zinthu, osati anthu: umboni, mawu, lamulo, chigamulo, ziwerengero. “His account does not comport with the bank records” akutanthauza kuti zimene wafotokoza sizikugwirizana ndi zolembedwa za ku banki. Kawirikawiri chinthu chachiwiricho ndiye muyeso, ndipo choyambacho ndi chimene chikuyesedwa. N'chifukwa chake mumamupeza kwambiri m'ziganizo zokana kapena zofunsa.

Kagwiritsidwe kameneka n'kofala m'Chingerezi cha ku America, makamaka pakati pa maloya. Mu 1985, pa mlandu wa Burger King ndi Rudzewicz, Khoti Lalikulu la dzikolo linafunsa ngati kuzenga munthu mlandu m'chigawo chimene sakhalamo “would comport with fair play and substantial justice”, ndiye kuti ngati kutero kukugwirizana ndi chilungamo. Ndipo si zatsopano. M'mawu amene amati Patrick Henry, mtsogoleri wa ndale wa ku America, analankhula mu mzinda wa Richmond mu 1775, iye anauza anzake kuti adzifunse mmene kulandiridwa bwino kwa dandaulo lawo ku Britain “comports with those warlike preparations”, pamene zombo ndi asilikali a Britain zinali zitadzaza kale m'dziko mwawo. Ku Britain olemba ambiri amakonda “accord with” kapena “be consistent with” pa ntchito yomweyi.

Ndinganene kuti “I comport with you” ndikamavomereza mnzanga?

Ayi, ndipo cholakwika chimenechi chimachokera m'chiyankhulo chathu. Kugwirizana kwa m'Chichewa kumanyamula zambiri: anthu amagwirizana pa mtengo wa mbuzi, abale amagwirizana pamudzi, nkhani za mboni ziwiri zimagwirizana. Mwa zitatuzi, “comport with” amangotenga chachitatu chokha. Pa maganizo a anthu nenani “I agree with you”, ndipo pamsonkhano wapamwamba “I concur”. Pa ubale nenani “they get along”.

Akusiyana bwanji ndi “comply” ndi “conform”?

Apa mpofunika kudekha, chifukwa m'kalata ya ntchito kapena ya mlandu kusiyanako kuli ndi mphamvu. “Comply with” ndi kumvera: pali lamulo, pali munthu kapena kampani, ndipo iyeyo wachita zimene lamulo likufuna. “Comport with” sanena za kumvera. Amangonena kuti zinthu ziwiri zikaikidwa pamodzi sizikutsutsana. Choncho dalaivala “complies with the speed limit”, pamene chilango chimene wapatsidwa “comports with the law”. Mukalemba kuti “the employee failed to comport with the rules”, wowerenga waluso adzadziwa kuti munkafuna “comply”.

“Conform” amayenda ndi “to”, nthawi zina ndi “with”. Kuyandikana kwa mawu awiriwa ndi kumene kumabala “comport to”, amene ndi wolakwika. “Comport” wa kugwirizana ali ndi mperekezi mmodzi basi. Komanso salola kutembenuzidwa: simungalembe “the law was comported with”.

Amatchulidwa bwanji?

Mphamvu ili pa phatikizo lachiwiri: kom-POT, ndipo “o” woyambayo amangomveka pang'ono. Nthawi yakale ndi “comported”, maphatikizo atatu. Mukaika mphamvu koyambirira, womvera amamva “comfort” kapena “compost”, mawu amene sakukhudzana ndi nkhaniyi.

Ndimadziwa Chipwitikizi. Kodi ndi chimodzimodzi ndi “comportar”?

Muzu wake ndi umodzi: Chilatini “comportare”, kunyamula pamodzi, ndipo Chingerezi chinatenga mawuwa kudzera m'Chifalansa. Koma abale a ku Tete ndi ku Angónia asamale pa zinthu ziwiri. Choyamba, “comportar-se” ndi “comportamento” ndi mawu wamba amene mphunzitsi amauza mwana, pamene “comport oneself” ndi “comportment” ndi olemera. M'Chingerezi cha masiku onse nenani “behave” ndi “behaviour”. Chachiwiri, “comportar” amatanthauzanso kukwana kapena kukhala ndi zinthu m'kati, monga holo yokwana anthu 200. Chingerezi cha lero chilibe tanthauzo limenelo. Lembani “the hall holds 200 people”.

Ndiye ndimugwiritse ntchito liti?

Mwa apo ndi apo, pamene malo akumufunadi. M'kalata yochitira umboni wophunzira amene anayimira sukulu pamaso pa alendo, “she comported herself with maturity” amakwanira bwino, chifukwa akusonyeza kuti panali maso a anthu ndipo mwanayo sanagwedezeke. Pa mwana wa zaka zitatu amene anakhala chete m'basi, mawuwa alemera kuposa nkhani yake. Pa chimangirizo cha mayeso a MSCE, mneni wolemera amene wayikidwa molakwika amakuchotserani zambiri kuposa “behave” wolembedwa bwino.

Musanatumize cholemba chanu, yesani motere. Chotsani “comport” n'kuikapo “conduct”: ngati chiganizo chikumvekabe, muli pa tanthauzo loyamba, ndipo onani ngati mlowam'malo ndi mawu a kachitidwe alipo. Ngati sichikumveka, ikanipo “is consistent with”. Zonse ziwiri zikakana, mneni amene mukufuna ndi wina, ndipo nthawi zambiri amakhala “comply” kapena “agree”.