Ndalama za kunyumba yachifumu ku Britain si malipiro a Mfumu Charles

Ndatopa kumva anthu akunena kuti Mfumu Charles imalandira malipiro a mapaundi 132 miliyoni pachaka. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama, ndipo chonde tisasakanize matumba awiri.

Ndalama zimenezo ndi Sovereign Grant, thandizo lomwe boma limapereka kunyumba yachifumu, lomwe linalowa m'malo mwa thumba lakale lotchedwa Civil List mu 2012. Zimalipira antchito, maulendo a ntchito za boma ndi kukonza nyumba zachifumu. Zodyera mfumuyo payokha zimachokera kwina, makamaka ku Duchy of Lancaster, malo ndi chuma zomwe phindu lake limapita kwa mfumu yolamulira. Ena amakokomezanso mbali inayi, amvekere mfumu ndiyo imadyetsa boma ndi chuma chake cha Crown Estate, malo ndi nyumba zobwereketsa zomwe zili m'dzina la ufumu. Ayi. Mfumu George III inapereka phindu la malowa ku boma mu 1760, ndipo mfumu singagulitse ngakhale sitolo imodzi ya mu Regent Street, msewu wa masitolo wa ku London womwe uli m'manja mwa Crown Estate.

Chimene chimandivutitsa mumtima ndi lamulo la 2011, lomwe limati ndalamazi sizingatsike kuposa za chaka chapita. Poyamba zinali 15 peresenti ya phindu la Crown Estate. Mu 2017 anazikweza kufika 25 kuti akonze mawaya amagetsi ndi mapaipi akalekale a ku Buckingham Palace, ntchito ya mapaundi 369 miliyoni ya zaka khumi. Mliri wa Covid utagwetsa phindu, ndalama za kunyumba yachifumu sizinasunthe, zinakhala pa 86.3 miliyoni. Mu 2023 boma linatsitsa gawolo kufika 12 peresenti, anthu n'kuombera m'manja. Koma phindu linali litakwera kwambiri kaamba ka makampani opanga magetsi amphepo omwe amabwereka malo panyanja, moti mu 2025 ndalamazo zinafika 132.1 miliyoni. Peresenti yatsika, ndalama zakwera. Ndipo chitetezo cha banjali sichili m'menemu, boma silinena kuti chimadya zingati.

Ntchito ya ku Buckingham Palace ikuyenera kutha mu 2027, koma ndalamazi sizidzatsika zokha popanda aphungu kusintha lamulo. Inu abale amene mumakhoma msonkho ku Leeds kapena ku London, musadikire. Lekani kugawana ziwerengero za anthu odzitcha akatswiri pa WhatsApp. Lipoti la Sovereign Grant limatuluka chaka chilichonse, ofesi younika ndalama za boma ya National Audit Office italiunika. Liwerengeni, kenako mufunse phungu wa dera lanu kuti adzavota bwanji.