Apudeti ikakutsekerani kunja kwa webusaiti yanu

Uthenga umenewu umakonda kubwera m'mawa, ndipo mawu ake sasiyana kwenikweni: "Dzulo ndinadina batani la apudeti, lero sindikutha kulowa. Kodi andibera webusaiti?" Wolembayo amakhala atayesa kale pasiwedi kakhumi, mtima uli m'mwamba. Chimene ndimayamba kumuuza n'chakuti asiye kaye kuyesako. Kawirikawiri pasiwedi imakhala ilibe mlandu, ndipo mukapitiriza kuilemba mobwerezabwereza, pulagini yachitetezo, kapulogalamu kowonjezera kolondera webusaiti, ingakuyeseni wakuba n'kukutsekerani kwa kanthawi. Mukatero mwawonjezera vuto lachiwiri pa loyamba lija.

Ndikamba za WordPress, pulogalamu yopangira mawebusaiti imene Matt Mullenweg ndi Mike Little anayambitsa mu 2003, yomwe lero ikuyendetsa mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi. Mayina a mafayilo amasiyana m'mapulogalamu ena monga Joomla ndi Drupal, koma kafufuzidwe ka vuto n'kamodzimodzi.

Choyamba tione zimene zimachitika mukalemba dzina ndi pasiwedi pa tsamba la wp-login.php. Seva siithamangira kuona pasiwediyo ayi. Imayamba yawerenga fayilo ya wp-config.php, kulumikizana ndi database (nkhokwe yosungiramo zolembedwa za webusaiti), kudzutsa mapulagini onse amene ndi oyatsa, kenaka kuwerenga fayilo ya functions.php ya theme yanu, gawo loyang'anira maonekedwe a webusaiti. Zonsezi zikayenda bwino m'pamene imayerekezera pasiwedi ndi zimene zili mu database, mu tebulo la wp_users. Zikagwirizana, imatumiza ku bulawuza yanu kachizindikiro kotchedwa cookie, komwe kamakhala ngati chiphaso, n'kukulozerani ku wp-admin, malo oyendetsera webusaiti. Ndiye pulagini imodzi ikagwa panjira, ulendo wonse umathera pomwepo, pasiwedi yanu isanaonedwe n'komwe.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti webusaitiyo, alendo akaitsegula, imaoneka yabwinobwino. Chifukwa chake ndi cache. Masamba amene alendo amaona nthawi zambiri ndi makope amene anasungidwa kale zinthu zisanawonongeke, pamene tsamba lolowera ndi wp-admin zimapangidwa mwatsopano nthawi iliyonse. N'chifukwa chake matenda amayamba kuonekera pakhomo la mwini wake.

Choncho werengani zimene zalembedwa pa sikirini, mawu ake enieni, ndipo muzijambule. Kunena kuti "yakana" sikuthandiza aliyense. Tsamba loyera lopanda kanthu, nambala 500, nambala 403, ndi tsamba lolowera limene likungobwerera lokha, ndi matenda osiyana.

Chosavuta kwambiri ndi uthenga wakuti "Briefly unavailable for scheduled maintenance". Apudeti ikamayamba, WordPress imaika kafayilo kotchedwa .maintenance mu foda yaikulu ya webusaiti, ndipo ikamaliza imakachotsa. Apudeti ikadukira panjira, kafayiloko kamatsala. Pakapita mphindi 10 WordPress imasiya kukalabadira, koma mukhozanso kukafufuta nokha, kenaka n'kubwereza apudeti imene inadukayo.

Vuto lenileni ndi tsamba loyera, kapena uthenga wakuti "There has been a critical error on this website". Apa ndiye kuti PHP, chinenero chimene WordPress inalembedwamo, yakumana ndi lamulo limene singathe kulitsatira, n'kuima. Musanagwire chilichonse, tsegulani imelo yanu, kuphatikizapo foda ya spam. Kuyambira pa WordPress 5.2, yomwe inatuluka mu Meyi 2019, pulogalamuyi ikagwa motere imatumiza kalata ku imelo ya woyang'anira webusaiti. Kalatayo imatchula pulagini kapena theme imene yayambitsa vuto, ndipo mumakhala linki yapadera yokulowetsani mu wp-admin cholakwacho chitaimitsidwa kaye. Linkiyo imatha mphamvu pakapita tsiku limodzi. Anthu ambiri amene ndawathandiza sankadziwa kuti kalata yotere ilipo, ndipo zimandipweteka kuona munthu atataya tsiku lathunthu yankho lili m'bokosi lake la imelo.

Nthawi ina ndinaitanidwa ndi mayi wina woyang'anira uthenga pa bungwe lina laling'ono. Anali atatsala pang'ono kulira. "Bambo, ine sindinagwire chilichonse, ndangodzuka n'kupeza zili chonchi," anatero. Ankanena zoona. Amene anasintha zinthu ndi kampani yosunga webusaiti yawo, yomwe inachotsa PHP 7.4 n'kuikapo PHP 8. Kampaniyo sinalakwe, pakuti PHP 7.4 inasiya kulandira zigamba zachitetezo mu Novembala 2022. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, kalata ya WordPress ija mwaiona?" Sanaione, chifukwa imelo imene inalembetsedwa pa webusaitiyo inali ya mnyamata amene anaikonza poyamba, yemwe anali atachoka kalekale.

Zikatere mumalowera khomo lakuseri, lomwe ndi mafayilo a webusaitiyo. Mumawapeza kudzera pa File Manager ya mu cPanel, malo oyang'anira akaunti yanu ku kampani yosunga webusaiti, kapena pa pulogalamu yosamutsira mafayilo ya SFTP monga FileZilla. Chimene ndinayamba kuchita ndi kukopera fayilo ya wp-config.php n'kuisunga pa kompyuta yanga, kuti ndikalakwitsa ndikhale ndi pobwerera. Kenaka m'fayiloyo, pamwamba pa mzere wolembedwa kuti "That's all, stop editing!", ndinaika WP_DEBUG pa true, WP_DEBUG_LOG pa true, ndi WP_DEBUG_DISPLAY pa false. Mizere itatuyi imauza WordPress kuti izilemba zolakwika zonse m'fayilo ya debug.log, mu foda ya wp-content, koma osazionetsa kwa alendo. Nditatsegulanso tsamba lolowera kamodzi, fayiloyo inatulukira, ndipo mzere wake womaliza unali ndi mawu akuti "Fatal error: Uncaught Error: Call to undefined function create_function()", motsatizana ndi dzina la foda ya pulagini ina yakale, dzina la fayilo, ndi nambala ya mzere.

Mzere umodzi umenewo unafotokoza nkhani yonse. Lamulo la create_function linachotsedwa mu PHP 8.0, yomwe inatuluka mu Novembala 2020, koma pulaginiyo, imene mwini wake anali atasiya kuisamala, inkaliitanabe. Ndinasintha dzina la foda ya pulaginiyo, kungowonjezera mawu akuti "-zima" kumapeto kwake. WordPress itaifuna n'kuisowa, inaidumpha, ndipo tsamba lolowera linabwerera. Mayi aja analowa ndi pasiwedi yawo yomwe ija imene ankaikayikira.

Ndikuikira mtima pa debug.log chifukwa malangizo ambiri amene mungapeze amayamba ndi kuzimitsa mapulagini onse nthawi imodzi. Njirayo imagwiradi ntchito: mumasintha dzina la foda ya wp-content/plugins, n'kulowa, kutsegula tsamba la mapulagini, kubwezera dzina la fodayo, kenaka kuwayatsa imodziimodzi mpaka vuto litabwereranso. Amene ali ndi WP-CLI, chida choyendetsera WordPress polemba malamulo, amangolemba wp plugin deactivate --all. Koma pa webusaiti yogulitsa katundu, kuzimitsa zonse n'kutseka sitolo yonse chifukwa cha pulagini imodzi. Komanso pali zina zimene njirayi siizikhudza. Mapulagini a mu foda ya mu-plugins, ndi mafayilo monga object-cache.php ndi advanced-cache.php amene amakhala mu wp-content, amapitiriza kugwira ntchito ngakhale foda ya plugins itasinthidwa dzina. Ndaonapo anthu akulumbira kuti anazimitsa zonse koma vuto likadalipo, pamene wolakwa anali kafayilo ka cache kotsala pambali. Ine ndimati werengani kaye, muzimitse pambuyo.

Fayilo ya debug.log ija ikhoza kuloza ku theme. Ngati zili choncho, sinthani dzina la foda yake, ndipo mukalowa muyatse ina mwa zimene zimabwera ndi WordPress, monga Twenty Twenty-Four. Debug.log ikhozanso kunena kuti "Allowed memory size exhausted", kutanthauza kuti memory imene PHP inapatsidwa yachepa. Mungaiwonjezere ndi WP_MEMORY_LIMIT mu wp-config.php, malinga kampani yosunga webusaiti ikulola.

Pali matenda ena okwiyitsa kwambiri, chifukwa sanena chilichonse. Mumalemba dzina ndi pasiwedi yolondola, tsamba limazungulira, n'kubwerera pomwe munali. Apa pasiwedi yalandiridwa, koma cookie ija siikufika kapena siikuvomerezedwa. Yambani ndi chotchipa: tsegulani zenera lachinsinsi la bulawuza, kapena gwiritsani ntchito bulawuza ina. Mukalowa, ndiye kuti vuto linali ma cookie akale, afufuteni basi. Zikakanika, onani ma adiresi awiri amene WordPress imasunga mu tebulo la wp_options, pa mizere ya siteurl ndi home. Ngati imodzi ili ndi www inzake ilibe, kapena ina ikuyamba ndi http pamene webusaiti ikuyendera https, cookie imaperekedwa ku adiresi ina koma n'kufunsidwa pa ina. Mukhoza kukonza mu phpMyAdmin, chida chotsegulira database, kapena kulemba WP_HOME ndi WP_SITEURL mu wp-config.php, zomwe zimaposa mphamvu zolembedwa mu database.

Bulawuza ikanena kuti ERR_TOO_MANY_REDIRECTS ndipo webusaiti yanu imadutsa pa Cloudflare, imene imaima pakati pa alendo ndi seva yanu, onani kumeneko ngati SSL, chitetezo cha https, ili pa Flexible. Pamenepo Cloudflare imalankhula ndi seva yanu pa http. Pulagini imene yangolandira apudeti ikayamba kukakamiza https, seva imabweza pempholo kuti libwere pa https, Cloudflare n'kulibweretsanso pa http, osatha. Mankhwala ake ndi kukhala ndi satifiketi pa seva n'kusankha Full m'malo mwa Flexible.

China chimene chimandichititsa chidwi mpaka lero ndi uthenga wakuti "Cookies are blocked due to unexpected output". Seva iyenera kutumiza cookie isanatumize chilembo chilichonse cha tsambalo. Ngati mu wp-config.php kapena functions.php muli mpata umodzi wokha patsogolo pa chizindikiro choyambira cha PHP, kapena mizere yopanda kanthu pambuyo pa chizindikiro chotsekera, zimenezo zimatuluka poyamba, ndipo mwayi wotumiza cookie umatha. Chenjezo limene pulagini yakale ikusindikiza pa PHP yatsopano limachitanso chimodzimodzi. Mu debug.log mudzaona mawu akuti "headers already sent" pamodzi ndi fayilo ndi mzere pamene zinayambira. Pitani pamzerewo, mufufute chimene chilipo.

Nambala 403 kapena 404 pa tsamba lolowera imachokera kawirikawiri kwa mapulagini achitetezo, makamaka amene amabisa wp-login.php n'kulipatsa dzina lina, kapena ku malamulo amene iwo analemba mu fayilo ya .htaccess. Sinthani dzina la .htaccess, ndipo mukalowa pitani ku Settings, kenaka Permalinks, n'kudina Save, WordPress idzalemba yatsopano. Mukaona kuti zilolezo za mafayilo zasokonekera, zoyenera ndi 644 pa mafayilo ndi 755 pa mafoda. Wina akakuuzani kuti muike 777 kuti zitheke msanga, mukane, chifukwa kumeneko n'kulola aliyense amene ali pa sevayo kulemba m'mafayilo anu.

Pali nthawi zochepa pamene pasiwedi imakhaladi itatayika ndipo imelo yoibwezera siikufika. Zikatero mungaisinthe ndi lamulo la WP-CLI la wp user update, kapena mu phpMyAdmin, mu tebulo la wp_users pa mzere wa user_pass, mutasankha MD5, njira yakale yobisira pasiwedi. WordPress imavomereza zimenezi, ndipo mukangolowa imaisunganso m'njira yake yolimba, yomwe kuyambira pa 6.8 ya mu Epulo 2025 ndi bcrypt. Koma mukakapeza mu wp_users dzina la woyang'anira limene simukulidziwa, imani pomwepo. Imeneyo si nkhani ya apudeti, winawake walowa, ndipo mufunika thandizo la wodziwa zachitetezo.

Anthu akapulumuka, ambiri amandiuza kuti sadzadinanso batani la apudeti. Ndimawamvetsa, koma sindigwirizana nawo. Mapulagini osiyidwa akale ndi amene akuba amalowerapo, ndipo webusaiti yobedwa ndi yovuta kukonza kusiyana ndi yokana kulowa. WordPress yokhanso yakhala ikuchepetsa ngoziyi: 6.3 ya mu 2023 imabwezera pulagini yakale ngati apudeti yalephera kumalizika, ndipo 6.6 ya mu 2024 inafikitsa chitetezo chimenechi ku ma apudeti odzichitikira okha. Chimene ndimapempha n'chakuti musanadine, mukhale ndi backup ya mafayilo ndi database yosungidwa kunja kwa seva yomweyo, muchite apudeti imodzi nthawi imodzi, ndipo ikatha muyese kulowa pa zenera lachinsinsi musanatseke limene mwalowerapo kale. Zikavuta, mudzakhala mukadali mkati, ndipo mudzadziwa chimene mwangosintha kumene.

Kwa mayi aja, ntchito sinathere pa kulowa. Ndinabwezera WP_DEBUG pa false n'kufufuta debug.log, chifukwa pa maseva ambiri aliyense wodziwa adiresi yake akhoza kuiwerenga, ndipo imaulula mmene mafoda anu akhalira. Pulagini yakale ija tinaichotseratu n'kupeza ina imene ikusamalidwabe. Kenaka tinapita ku Settings, General, n'kuchotsa imelo ya mnyamata uja, kuikapo ya bungwe imene anthu awiri amaiwerenga. WordPress inatumiza kalata yotsimikizira ku imelo yatsopanoyo, ndipo sindinachoke mpaka mayiwo atadina linki yake.