Mowa wa ku Britain umene sulowa m'furiji

Msuweni wanga atabwera kudzandiona kuno ku Bristol, ndinamutengera kuntchito kwanga n'kumupopera painti ya mowa umene ndimaunyadira. Anamwa kamodzi, n'kuyang'ana tambula, kenako n'kundiyang'ana ine. "Asuweni, furiji yanu yafa kodi? Nanga gasi wapita kuti?" Sindinamudabwe. Tonsefe tinakula ndi Green wa ku Blantyre, wozizira mpaka mano kuwawa, ndipo kwathu mowa wosazizira ndi chizindikiro choti magetsi azima.

Ntchito yanga ndi yosamalira mowa m'chipinda chapansi pa pub, chimene kuno amachitcha cellar, ndipo mowa umene umandidyera nthawi yambiri ndi real ale. Mzungu ndimavutika kumufotokozera kuti mowa umenewu ndi wotani, koma Mmalawi savuta. Ndimangomufunsa chifukwa chake paketi ya Chibuku imakhala ndi kabowo pamwamba. Mowawo umakhala ukuwirabe, ndiye umafuna popumira. Wa lero umatsekemera, pakapita masiku angapo umakhala waukali ndi wowawasa. Masese a m'mbiya nawonso ndi chimodzimodzi. Real ale ali m'gulu lomwelo, kungoti chimera chake ndi cha balere ndipo amathiramo maluwa a chomera chotchedwa hops kuti uziwawa ndi kununkhira.

Mowa wambiri wa m'botolo ofulula amausefa, kuutenthetsa kuti yisiti ife, n'kuupopera gasi. Ukatuluka m'fakitale ndiye kuti watha, chotsala n'kuuziziritsa basi. Real ale amachoka kwa ofulula asanathe kupsa. Mumgolo mumakhala yisiti yamoyo ndi shuga pang'ono, ndipo kuwira kwachiwiri kumachitikira m'manja mwanga. Tithovu tochepa timene mumamva palilime timachokera ku yisitiyo, palibe amene wapoperamo.

Mgolo umene timalandira kwambiri ndi firkin, wa magaloni 9, omwe ndi mapainti 72, pafupifupi malita 41. Ukafika ndimaugoneka pa thandala lake n'kuusiya upume. Kenako ndimaboola chitsekerero chapamwamba n'kukhomamo kachikhomo ka mtengo wofewa kuti mpweya wochuluka uzituluka pang'onopang'ono, ndipo kutsogolo ndimakhoma mpopi ndi nyundo. Ofulula ambiri amathiramo isinglass, yopangidwa kuchokera ku kathumba ka mpweya ka m'mimba mwa nsomba, imene imakokera yisiti pansi kuti mowa uyere. Zimenezi zimatenga tsiku limodzi, awiri, mowa wina kupitirira apo, ndipo palibe wotchi imene ingandiuze kuti wapsa. Ndimatunga pang'ono, kuyang'ana pa getsi, kununkhiza, kulawa. Chipindacho chimayenera kukhala pakati pa madigiri 11 ndi 13. Kukazizira kwambiri fungo la chimera ndi hops limabisala, kukatentha mowa umasasa msanga. Ndiye furiji siinafe ayi, asuweni.

Mwezi wanga woyamba pantchitoyi ndinafuna kuonetsa khama. Lachisanu masana ndinasuntha mgolo umene unali utakhazikika kale kuti ndikolope pansi pake. Nsenga zonse zinavunduka, ndipo painti yoyamba madzulo inatuluka ngati thobwa. Abwana sanakalipe. Anangotembenuza kachikwangwani ka pa mpopi kuti kayang'ane mkati, n'kundiuza kuti mowawo tiuonanso Lolemba. Mukaona kachikwangwani kotembenuzidwa choncho mu pub, dziwani kuti mowawo watha kapena sunapse, musauitanitse.

Chogwirira chachitali chimene mumaona pa kauntala chimagwira ntchito ngati mjigo. Wogulitsa akachikoka, chimayamwa mowa kuchokera pansi. Painti iliyonse ikatuluka, mumgolo mumalowa mpweya wakunja, ndipo kuyambira pamenepo mowa wayamba ulendo wopita ku viniga. Mgolo tikautsegula timafuna uthe m'masiku atatu. Apa ndi pamene ndimasiyana maganizo ndi anthu ambiri okonda kuyendera ma pub, amene amasangalala akaona mipopi 10 kapena 12 itandandalikana. Ine ndikalowa Lachiwiri n'kupeza mipopi 12 ndi makasitomala asanu, ndimayamba kuwerengera kuti migolo imeneyo yakhala masiku angati. Bola mipopi itatu imene ikuyenda. Mowa womwewo, wa ofulula omwewo, umakoma pakhomo ili n'kuipa pakhomo linalo, ndipo kusiyanako kumachokera kwa munthu wa m'chipinda chapansi, ngati amatsuka mapaipi sabata iliyonse kapena ayi.

Choncho musachite manyazi kufunsa kuti ndi uti umene ukuyenda kwambiri lero, kapenanso kupempha kulawa. M'ma pub ambiri amakuthirirani pang'ono kwaulere. Ukamanunkha viniga, kapena ngati katoni yonyowa, ubwezeni mwaulemu, wogulitsa wodziwa ntchito amasintha popanda mkangano. Musakhalenso pampando kudikira kuti wina abwera kudzakufunsani, kuno mowa timakagula tokha pa kauntala. Painti ndi mamililita 568, koma lamulo limalola kugulitsa theka lake ngakhalenso gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo wofuna kulawa mitundu isanu usiku umodzi ayenera kugula timiyezo tating'onoti. Yambani ndi wopepuka, monga mild kapena bitter wa maperesenti osakwana 4, ndipo wakuda ngati porter ndi stout abwere kumapeto, apo ayi lilime silimvanso kanthu.

Real ale anatsala pang'ono kutheratu. M'zaka za m'ma 1960 makampani akuluakulu anatembenukira ku mowa wosefa wa gasi chifukwa suonongeka msanga ndipo sufuna luso. M'chaka cha 1971 amuna anayi okwiya ndi zimenezi anayambitsa bungwe la CAMRA loteteza mowa wa mtunduwu, ndipo dzina loti real ale linachokera kwa iwowo. Mpaka lero mikangano siinathe. Ku Yorkshire amamanga kachipangizo ka timabowo kukamwa kwa mpopi kuti thovu likhale lochindikala, pamene ku London ambiri amati kachipangizoko kamachotsa kukoma. Ine ndimakasunga m'thumba, wopempha ndimamumangira.

Kuno kumadzulo kwa England, mowa uli ndi mnzake, cider. Amene mumamudziwa wa m'botolo, wotsekemera ngati fanta, si ameneyu. Lamulo la kuno limalola chakumwa kutchedwa cider ngakhale madzi a maapozi atakhala maperesenti 35 okha. Weniweni wa ku Somerset, Devon ndi Herefordshire ndi madzi a maapozi ofinyidwa chakumapeto kwa chaka n'kusiyidwa kuwira nyengo yonse yozizira. Maapozi ake, monga Dabinett ndi Kingston Black, salimidwira kudya, ndipo ena mwa iwo amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Nthawi zambiri alibe gasi, ndipo mu pub mumamupeza m'katoni kuseri kwa kauntala. Chenjerani naye. Amatsika ngati juwisi, koma mphamvu yake imafika maperesenti 6 kapena 7, nthawi zina kupitirira, ndipo mumazindikira mukafuna kuimirira.

Za perry ndiyenera kuyamba ndi kukonza cholakwika, chifukwa msuweni uja nditamuuza kuti ndi chakumwa cha mapeyala anagwira pakamwa. Si mapeyala athu aja odyera buledi. Ndi chipatso china, chachibale ndi apozi, ndipo mitundu yofinyira perry imakhala yaing'ono, yolimba, yosadyeka. Kwawo kwenikweni ndi Herefordshire, Gloucestershire ndi Worcestershire. Mitengo yake ndi ikuluikulu, imachedwa kubereka, ina imakhala zaka zoposa 200, moti wobzala amadziwa kuti akubzalira zidzukulu. Mayina ake ena ndi oseketsa, ngati kuti anawatcha anthu amene anali atamwa kale: Merrylegs, Mumblehead, Stinking Bishop. Wofala kwambiri ndi Blakeney Red.

Perry wabwino ndi wosowa, ndipo ndikamupeza ndimasiya mowa wina uliwonse. Ndi wotuwa, wonunkhira ngati maluwa, ndipo ngakhale atawira mpaka kumapeto amatsalabe ndi kutsekemera pang'ono. Chifukwa chake ndi sorbitol, mtundu wa shuga wa m'chipatsocho umene yisiti imalephera kudya. Vuto n'loti matumbo a munthu nawonso amavutika nawo, ndipo ukachuluka umatsegula m'mimba. Ndinamuchenjeza msuweni wanga kuti theka la painti likwana. Anamwa mapainti awiri, akuti uku ndiye kumwa, ndipo pobwerera tinatsika basi masiteji atatu tisanafike kunyumba.