Marathoni Yoyamba: Gulani Kope Musanagule Nsapato

Anthu akabwera kwa ine kuti ndiwaphunzitse kuthamanga marathoni, amayamba ndi nkhani ya nsapato ndi chakudya, kenako amatsitsa mawu n'kufunsa chimene chawabweretsadi: "Aphunzitsi, koma ineyo ndingathe?" Sindifulumira kuyankha kuti inde. Inde wa pakamwa panga sadzawanyamula pa kilomita ya 33, miyendo italemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Ndimawauza kuti mawa abwere ndi kope ndi cholembera.

Marathoni ndi makilomita 42.195, mtunda umene unathamangidwa pa Olimpiki ya ku London mu 1908, n'kukhazikitsidwa mu 1921 kuti ndiwo muyezo wa dziko lonse. Pabwalo la mamita 400 ndiye kuti kuzungulira pafupifupi ka 105 ndi theka. Munthu amene amatha kale makilomita 10 osaima amafunika milungu 16 mpaka 20 yokonzekera. Ngati 10 simunafike, yambani mwafika kaye pamenepo, ngakhale zikutengereni miyezi ingapo.

Thamangani katatu kapena kanayi pa mlungu, ndipo nthawi zambiri pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu mpweya osakutherani. Ambiri apa ndi pamene amandikayikira, amaona ngati ndikuwachedwetsa. Chifukwa chake n'chakuti mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, pamene mafupa, mawondo ndi mitsempha ya kuchidendene zimatenga nthawi yaitali. Pakatha mwezi mumamva mphamvu, mumawonjezera mtunda mwaphuma, kenako msongolo wayamba kuwawa ndipo mwakhala pansi milungu itatu. Anyamata amene amawuluka pa mpikisano wa Porters Race pa phiri la Mulanje, miyendo yawo inakhwima ndi zaka zokwera ndi kutsika phirilo atasenza katundu. Inu musawonjezere kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi a mtunda wa mlungu wapitawo, ndipo mlungu wachinayi uliwonse muzibwerera m'mbuyo pang'ono kuti thupi lipume.

Tsiku limodzi pa mlungu likhale la ulendo wautali, umene uzikula mpaka kufika makilomita 30 kapena 32. Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo nkhokwe imeneyi imatha mukamayandikira makilomita 30. Ikatha, thupi limadalira mafuta, amene amatulutsa mphamvu mochedwa. Miyendo imakana, mutu umayamba kukuuzani kuti basi imani. Othamanga amati wagunda khoma. Maulendo aatali aja amaphunzitsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta bwino, komanso ndi pomwe mumayesera chimene m'mimba mwanu mumalola muli paulendo, kaya ndi nthochi kaya ndi madzi othira shuga ndi kamchere. Madzi imwani pang'onopang'ono. Kugugudiza ambiri kumachepetsa mchere m'magazi, ndipo zimenezi zimagoneka munthu m'chipatala.

Tsopano za kope lija, chifukwa ndi pamene pagona mtima wanga. Tsiku lililonse mukabwerako lembani deti, makilomita, nthawi, ndi mmene munamvera. Musabise masiku oipa. Lembani kuti kunagwa mvula, munafuna kubwerera pa kilomita yachitatu, koma munamaliza 14. Lembani kuti munayenda pansi pachitunda chija, ndipo patatha mwezi munachikwera mukuthamanga. Ndaona anthu amene anakula akuuzidwa kuti ndi aulesi, kuti thupi lawo si la masewera, akuwerenga masamba a dzanja lawo lomwe n'kukhala chete kwa kanthawi. Munthu angatsutse mawu a mphunzitsi pomuganizira kuti akungomulimbitsa mtima, koma makilomita 28 amene analemba yekha Loweruka lapitalo sangawakane. Kudzikhulupirira kumene ndimafuna mwa wophunzira wanga ndi kumeneko, kokhala ndi umboni.

Pali zina zosafunika kukambirana. Mukatentha thupi kapena mukadwala malungo, musathamange mpaka mutachira bwino. Ngati muli ndi vuto la BP, shuga kapena mtima, kaonaneni ndi dokotala musanayambe. M'miyezi ya October ndi November dzukani m'mbandakucha, dzuwa lisanakwere.

Milungu iwiri kapena itatu yomaliza muchepetse kuthamanga. Mantha amabwera nthawi imeneyi, mumaona ngati mphamvu zikuthawa, pamene kwenikweni minofu ikudzikonza ndipo nkhokwe ikudzaza. M'malo mopita kumsewu kukadziyesa, tsegulani kope. Pa tsiku la mpikisano musayese chachilendo chilichonse, ngakhale nsapato. Abebe Bikila wa ku Ethiopia anapambana marathoni ya Olimpiki ku Rome mu 1960 wopanda nsapato, chifukwa zatsopano zimene anali nazo sizinamukhale bwino, ndipo mapazi ake anali atazolowera kale kuponda pansi. Za pakaunjika zimene mwathamanga nazo miyezi iwiri zimaposa zonyezimira zogula dzulo.

Mpikisano ukayamba, gulu lidzakukokani. Alekeni apite. Makilomita 10 oyamba muthamange pang'onopang'ono kuposa mmene mtima ukufunira, ndipo ambiri mwa okupitiriraniwo mudzawapeza kutsogolo akuyenda, atagwira m'chiuno.