Mwana akalemba 52 - 27 = 35 musathamangire kumukalipira

Makolo ambiri mukatsegula kope la mwana wa Sitandade 2 kapena 3 mumangoona chithetho chofiira basi mwakwiya, koma ife aphunzitsi tikaona 35 ameneyu timadziwa pomwe pavuta. Mwanayu sanangolota ayi. Waona 2 pamwamba 7 pansi, wakumbukira zoti 2 kuchotsera 7 "sizitheka", ndiye wangotembenuza, 7 kuchotsera 2 wapeza 5, kenako 5 kuchotsera 2 wapeza 3. Kuchotsera akukudziwa, chomwe sanamve ndi choti 5 uja ndi makumi asanu.

Mabuku amene amakonzedwa ku Malawi Institute of Education ku Domasi amayamba bwino ndithu, zithunzi za zinthu zoti mwana awerenge kenako manambala, koma chithunzi sichigwirika ndi manja, komanso chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi ang'onoang'ono ndi odzadza moti mphunzitsi mmodzi sangaone zala za mwana aliyense. Ndiye timafika msanga pa samu zondandalika, sunga 1, bwereka 1, mwana nkumangoloweza ngati nyimbo.

Kunyumba yesani izi, sizilira ndalama. Thyolani timitengo mumange khumikhumi ndi luzi kapena kalabala. 52 ndi mitolo isanu ndi timitengo tiwiri tapadera. Muuzeni akupatseni 27. Apereka mitolo iwiri mosavuta, akafika pa 7 aima kaye chifukwa m'manja muli tiwiri tokha, apa chonde musamuuze, dikirani. Akamasula yekha mtolo umodzi nkuona kuti tsopano ali ndi 12, kubwereka kuja ndi kumeneko, ndipo aona ndi maso kuti mitolo yotsala ndi iwiri osati itatu, yankho 25.

Pa kuwonkhetsa ndi chimodzimodzi, 28 ndi 15, timitengo tapadera tikwana 13, amange khumi mtolo watsopano, uja ndiye 1 timati tasungayu.

China chomwe ine ndimachikonda kwambiri ndi mawerengedwe a chenji kumsika, wogulitsa tomato sabwereka, amangokwera kuchoka pa mtengo mpaka ndalama mwamupatsayo. Mwana nayenso angathe, kuchoka 27 kufika 30 ndi 3, kufika 52 ndi 22, zonse 25. Akapeza yankho mwanjira imeneyi musamuletse poti siili pa tsamba lomwe aphunzira lero, mufunseni afotokoze mmene waganizira, kenako alembe samu yomweyo mondandalika aone ngati mayankho akufanana.