Wodwala maganizo akafika m'wodi: uthenga kwa ophunzira unamwino ku Mangochi

Ambiri amalowa sukulu ya unamwino atasenza kale zomwe anamva kumudzi: kuti wosokonezeka mutu walodzedwa, wagwidwa ndi majini kapena wasuta chamba, ndipo sachira. Yunifomu yokha sichotsa maganizo amenewa. Amaonekera m'wodi, pomwe wodwala wagonekedwa pa bedi lakumapeto, mafunso onse akupita kwa gadiyani, mwini wake ali phee, dzina lake lasanduka "wamisala uja".

Kusala kotereku kumapha, chifukwa namwino akangoti ndi misala amasiya kuyeza. Kuno kunyanja malungo ndi ambiri, ndipo akafika mu ubongo munthu amabwebweta n'kusazindikira abale ake. Choncho aliyense amene wasokonezeka mwadzidzidzi, kaya wafikira ku Monkey Bay, ku Namwera kapena pa boma, muyezeni kutentha kwa thupi, malungo ndi shuga wa m'magazi, muone ngati khosi lauma. Funsani ngati wasiya mowa mwadzidzidzi masiku awiri kapena atatu apitawa. Mayi amene wasintha khalidwe m'masabata awiri oyamba atabereka, sakugona ndipo akumva mawu, aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo, mwana asasiyidwe naye yekha.

Polankhula ndi wodwala, mutchuleni dzina, mukhale pansi, munthu mmodzi yekha ndiye ayankhule, modekha. Ambiri odwala maganizo sachita nkhanza. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha; funsoli silimupatsa ganizolo, limamutsegulira pakamwa.

Mankhwala nawo amabweretsa chisokonezo. Haloperidol ndi chlorpromazine, a matenda osokonezeka mutu, angaumitse khosi ndi nsagwada, kunjenjemeretsa manja kapena kutembenuzira maso m'mwamba. Wophunzira wosadziwa amati matenda akula, abale amati ndi ziwanda, wodwala n'kusiya kumwa. Zizindikirozi zimachepa ndi mankhwala otchedwa benzhexol kapena dokotala akasintha mlingo. Amitriptyline ndi fluoxetine, a matenda okhumudwa, amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ayambe kuthandiza, ndipo wodwala auzidwiretu.

Kwa aphunzitsi: kulemba notsi pa bolodi sikukwanira. Wophunzira akangoona odwala mwakayakaya ku Zomba Mental Hospital basi, mantha ake angakule. Aonenso omwe akubwera okha ku kiliniki kudzalandira jakisoni wa pamwezi wa fluphenazine, n'kubwerera kukasodza usipa kapena kukagulitsa pamsika. Itanani munthu amene anachira, mwa kufuna kwake, adzayankhule m'kalasi. Pomaliza shifiti khalani pansi ndi ophunzira anene zomwe zawaopsa. Ndipo namwino wamkulu akamva mawu onyoza pa nthawi yopatsirana odwala, awakonze pomwepo, pakuti ophunzira amatengera zomwe akumva kwa akuluakulu awo. Ophunzira ena nawonso akulimbana ndi nkhawa kapena kukhumudwa. Auzeni kumene angapeze thandizo mwachinsinsi.